Windows 11 ndi mapulogalamu akale: zomwe zimayenda, zomwe zimakana, ndi chifukwa chake

Windows 11 idatuluka pa 5 Okutobala 2021, ndipo ndiyo Windows yoyamba ya makompyuta a m'nyumba ndi m'maofesi yomwe ilibe mtundu wa 32-bit, kapangidwe kakale komwe kakulowedwa m'malo ndi 64-bit. Windows 7, 8.1 ndi 10 zinkabwera pawiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit, munthu n'kusankha yekha. Pano kusankhako kudatha. Ndipo poti Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa omwe adalembetsa ma update owonjezera a chitetezo otchedwa ESU, ofesi iliyonse yomwe ikadali ndi kompyuta ya 32-bit iyenera kuganiza mofatsa.

Tinene maganizo athu poyambirira pomwe. Pa nkhani yoyendetsa mapulogalamu akale, Windows 11 ndi yoleza mtima kuposa momwe anthu amaikambira. Pulogalamu wamba ya 32-bit, ngakhale yolembedwa m'nthawi ya Windows XP, kawirikawiri imatseguka n'kugwira ntchito bwinobwino. Apple sidachite chifundo chotere, pakuti macOS Catalina ya 2019 idangodula mapulogalamu onse a 32-bit kamodzi n'kamodzi. Chomwe chimavuta pa Windows 11 si pulogalamu yeniyeniyo, koma tizinthu tomwe pulogalamuyo imatsamira: driver wa pulinta (kapulogalamu kolumikiza chipangizo ndi Windows), kachipangizo ka layisensi kobaya pa USB (dongle), kafayilo kothandizira pulogalamu kotchedwa DLL, ka macro ka mu Excel (timalamulo tochita ntchito tokha). Woweruza ngati musamuke kapena ayi ndi pulinta yanu ija, ndi pulogalamu yowerengera ndalama yomwe palibe akukumbukira yemwe adaiika.

Mupindulanji mukasamuka

Phindu lalikulu ndi RAM. Windows ya 32-bit singawerenge kupitirira 4 GB, ndipo mwa 4 GB imeneyo gawo lina limatengedwa ndi zipangizo monga khadi la zithunzi, moti pa makompyuta ambiri imangoona pakati pa 3 GB ndi 3.5 GB. Mukaika 8 GB, yotsalayo ingokhala phee osagwira ntchito. Pulogalamu iliyonse payokha imapatsidwa 2 GB basi, n'chifukwa chake Excel ya 32-bit imatsamwa pa mafayilo akuluakulu ngakhale RAM ilipo. Windows 11 Home imafika 128 GB, Pro 2 TB.

Koma musayembekezere kuti kompyuta ithamanga chifukwa choti yalowa 64-bit. Microsoft imati 4 GB ya RAM ndi 64 GB ya disiki n'zokwanira kuikapo Windows 11. N'zoona kuti imalowa, koma ntchito yake njotopetsa: mukatsegula Edge kapena Chrome ndi masamba asanu, kuonjezapo Word, disiki imayamba kulira. Ikani 8 GB ya RAM ndi SSD, disiki yamakono yothamanga. Ngati ndalama ndi ya chimodzi chokha, yambani ndi SSD.

Khomo lake ndi lopapatiza

Musanakopere chilichonse, tsegulani Settings, System, About, n'kuwerenga mzere wa System type. Mukapeza "32-bit operating system, x64-based processor", purosesa yanu itha kunyamula 64-bit, kungoti adaikapo Windows ya 32-bit. Mukapeza "x86-based processor", nkhani yathera pomwepo, kompyutayo singalandire Windows 11 mwanjira iliyonse.

Kukhala ndi purosesa ya 64-bit sikokwanira. Windows 11 imafunanso TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta), UEFI (pulogalamu yamakono yoyatsira kompyuta, yolowa m'malo mwa BIOS yakale) yotha Secure Boot (chitetezo cha poyatsa), ndi purosesa yomwe ili pamndandanda wa Microsoft: kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8, kwa AMD kuyambira Ryzen 2000, kupatula zochepa chabe. Apa ndi pomwe malaputopu ambiri a sekondi handi amagwera. Pa mapurosesa a Intel osafika m'badwo wa 10, m'badwo mumauwerenga pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere: i5-6300U ndi wa 6, i5-7300U ndi wa 7, i5-8250U ndi wa 8. HP EliteBook 840 G3 ndi G4 sizili pamndandanda, G5 ya m'badwo wa 8 ilipo. ThinkPad T470 palibe, T480 ilipo, ngakhale ma T480 ena adatuluka ndi purosesa ya m'badwo wa 7, choncho osadalira dzina lapachikuto. Wogulitsa akanena kuti "ndi Core i7, bwana", mufunseni nambala yonse. Core i7 ya m'badwo wa 4 imakanidwa pomwe Core i3 ya m'badwo wa 8 ikulandiridwa.

TPM nthawi zambiri imakhala ilipo koma yozimitsidwa. Dinani batani la Windows ndi R, lembani tpm.msc, muone Specification Version. Ikakana kupezeka, lowani mu BIOS, F10 pa HP, F2 pa Dell, F1 pa ThinkPad, mufunefune Intel PTT kapena AMD fTPM n'kuyatsa. Pulogalamu yaulere ya PC Health Check imakuuzani chenicheni chomwe chikulepheretsa.

Njira zozembera zilipo, ndipo aliyense wokonza makompyuta amazidziwa. Rufus, pulogalamu yopangira fulashi yoikira Windows, ili ndi kabokosi kochotsa lamulo la TPM ndi Secure Boot. Zimatheka, ndipo pa laputopu ya m'badwo wa 6 kapena 7 Windows 11 imayenda bwino ndithu. Koma Microsoft silonjeza kuti kompyuta yotere idzalandira ma update onse, ndipo update yaikulu yapachaka kawirikawiri siibwera yokha, muyenera kuiika pamanja. Pa kompyuta yakunyumba ndi zanu. Pa kompyuta yosunga malipiro a antchito sitikulangizani. Ndipo kuyambira pa mtundu wa 24H2, purosesa yopanda malangizo a POPCNT ndi SSE4.2, monga Core 2 Duo, siyaka n'komwe ngakhale mutazemba bwanji. Timatabuleti totchipa ta Intel Atom ta m'zaka za 2014 ndi 2015 tilinso ndi msampha wakewake: purosesa ndi ya 64-bit koma UEFI yake ndi ya 32-bit, choncho fulashi ya Windows ya 64-bit siiona.

Palibe update yochoka pa 32-bit kupita pa 64-bit

Ambiri amadabwa apa. Simungadine batani kuti Windows isinthe yokha mapulogalamu anu ali momwemo. Mukatsegula setup.exe ya Windows 11 muli mkati mwa Windows ya 32-bit, imakana. Njira ndi imodzi, kuyatsira kompyuta pa fulashi n'kuika Windows mwatsopano, kenako kuikanso pulogalamu iliyonse. Masiku 10 obwerera ku Windows yakale, omwe anthu ochoka pa Windows 10 ya 64-bit amapatsidwa, inu mulibe.

N'chifukwa chake ntchito yeniyeni ili musanafomate. Tengani pepala, lembani pulogalamu iliyonse yomwe ofesi imagwiritsa ntchito, mtundu wake, komwe kuli CD kapena fayilo yoikira, ndi nambala ya layisensi. Lembaninso chipangizo chilichonse chobaya: pulinta, sikana, kamakina ka malisiti, kowerenga zala, sikelo, modemu. Pa chilichonse pitani patsamba la kampani yake muone ngati pali driver wa Windows 10 kapena 11 wa 64-bit. Wa Windows 7 kapena 8.1 wa 64-bit nthawi zambiri amalowanso. Wa 32-bit salowa, ndipo kukopera madriver a pa Windows yakaleyo kuti mukawaike pa yatsopano n'kutaya nthawi.

Posunga mafayilo, Documents ndi Desktop aliyense amakumbukira. Zomwe zimatayika ndi zobisika. Mapulogalamu akale ankakonda kulemba deta yawo mu Program Files momwemo, koma kuyambira pa Windows Vista zimenezo sizololedwa, ndiye Windows imapatutsa mwakachetechete zolembazo kupita ku foda ina. Lembani %LOCALAPPDATA%\VirtualStore mu File Explorer muone. Si zachilendo kupeza kuti database yeniyeni ya zaka zisanu ili mmenemo, pomwe ya mu Program Files, yomwe munthu adakopera mwachidaliro, ndi yopanda kanthu ya tsiku loyamba. Onaninso C:\ProgramData, mafayilo a PST a Outlook, ndi mapasiwedi osungidwa mu browser. Mapulogalamu omwe layisensi yake imamangiriridwa ku kompyuta imodzi muyambe mwaimasula musanafufute.

Njira yomwe timaikonda kuposa zonse ndi yosavuta: chotsani disiki yakale, muikemo SSD yatsopano, n'kuika Windows 11 pa iyo. Disiki yakale isungeni osaikhudza. Zinthu zikavuta mawa m'mawa ntchito ili pakhomo, mumangobwezera disikiyo n'kupitiriza monga dzulo. Kabokosi ka USB kolowetsamo disiki kamakuthandizani kutenga mafayilo omwe mwaiwala.

Fulashi ikhale ya 8 GB kapena kuposa, ndipo zonse zomwe zilimo zifufutika. Fayilo ya ISO, yomwe muli Windows yonse yoti muike, imaposa 5 GB, choncho konzani bandulo yokwanira, ndipo ikopereni patsamba la Microsoft lenileni, osati ma ISO osinthidwa omwe amayendayenda pa mafulashi. Gwiritsani ntchito Media Creation Tool ya Microsoft kapena Rufus, ndipo pa Rufus sankhani GPT (kagawidwe kamakono ka disiki) ndi UEFI. Kungokopera mafayilo pa fulashi ya FAT32 sikutheka chifukwa fayilo ya install.wim imaposa malire a FAT32 a 4 GB. Ngati kompyuta yopangirapo ili ndi Windows 7, Rufus yomaliza kuyenda pamenepo ndi 3.22. Mu BIOS chotsani Legacy kapena CSM, ikani UEFI, kenako F9 pa HP kapena F12 pa Dell ndi Lenovo kuti musankhe fulashi. Uthenga wonena kuti disiki ili ndi MBR partition table ukutanthauza kuti muyenera kufufuta magawo onse a disikiyo kuti Windows ipange atsopano a GPT. Pa fulashi yomweyo ikanipo driver wa Wi-Fi wa 64-bit, chifukwa Windows 11 imafuna intaneti pomaliza kuikidwa. Wi-Fi ikapanda kuoneka, foni yolumikiza ndi waya wa USB n'kuyatsa tethering imapulumutsa. Kompyuta ya patebulo ikhale pa UPS, poti magetsi akazima pakati pa ntchitoyi mumayambiranso.

Layisensi ya Windows 10 siisiyanitsa 32-bit ndi 64-bit. Ngati kompyutayo inali ndi digital licence ya Home, ikani Home, ya Pro ikani Pro, ndipo idzatsimikizika yokha ikalowa pa intaneti. Makiyi a Windows 7 ndi 8 adasiya kulandiridwa mu Seputembala 2023. Chenjezo lina: 24H2 ikaikidwa mwatsopano ndi akaunti ya Microsoft, imakhoma disiki ndi BitLocker yokha pa makompyuta ambiri, Home yomwe. Lembani recovery key ya manambala 48 papepala tsiku lomwelo.

Momwe mapulogalamu a 32-bit amayendera mkatimo

Mu Windows ya 64-bit muli gawo lotchedwa WOW64. Purosesa imatha kuwerenga malangizo a 32-bit payokha, ndiye liwiro silitsika moti n'kuzindikira. Ntchito ya WOW64 ili ngati ya womasulira pabwalo la milandu: pulogalamu ikapempha fayilo kapena kusindikiza m'chilankhulo cha 32-bit, iye amapereka pempholo kwa Windows mu 64-bit n'kubweza yankho. Lamulo lalikulu ndi lakuti pulogalamu ya 32-bit singanyamule DLL ya 64-bit, ndipo ya 64-bit singanyamule ya 32-bit. Pafupifupi vuto lililonse lomwe tikambe m'munsimu likuchokera pa lamulo limeneli.

Kuti ziwirizi zisasakanikirane, Windows ili ndi mafoda awiriawiri. Mapulogalamu a 64-bit amalowa mu Program Files, a 32-bit mu Program Files (x86). Mu foda ya Windows, System32 imasunga mafayilo a 64-bit, pomwe SysWOW64 imasunga a 32-bit. Inde, n'zotembenuka, ndipo zasokoneza amisiri ambiri. Mu registry, zolemba za mapulogalamu a 32-bit zimapita pansi pa WOW6432Node. Kuti mudziwe mtundu wa pulogalamu yomwe ikuyenda, tsegulani Task Manager, Details, n'kuyatsa mzere wa Architecture: x86 ndi 32-bit, x64 ndi 64-bit.

Taonani momwe zimavutira. Pulogalamu ya sitolo kapena ya sukulu yolembedwa mu Visual Basic 6 imatseguka, chifukwa msvbvm60.dll ikadalimo mu Windows 11, koma imadandaula kuti MSCOMCTL.OCX kapena COMDLG32.OCX palibe. Munthu amakopera fayiloyo mu System32, monga ankachitira kale, n'kulephera. Malo ake ndi C:\Windows\SysWOW64, ndipo muilembetse potsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba C:\Windows\SysWOW64\regsvr32 mscomctl.ocx.

ODBC, njira yolumikizira pulogalamu ndi database, ndi chimodzimodzi. Pali odbcad32.exe ziwiri za dzina limodzi, ina mu System32 ya 64-bit, ina mu SysWOW64 ya 32-bit. Mukapanga DSN (dzina lolozera ku database) mu yolakwika, pulogalamu siiona, kapena imatulutsa uthenga wa "architecture mismatch between the Driver and Application". Pulogalamu ya 32-bit imafuna driver wa ODBC wa 32-bit ndi DSN ya 32-bit, ngakhale seva ya database ili ya 64-bit. Uthenga woti Microsoft.Jet.OLEDB.4.0 "is not registered" umabwera pomwe pulogalamu ya .NET yomwe inkayenda ngati 32-bit pa Windows yakale yadzuka ngati 64-bit pa yatsopano, pomwe Jet 4.0, yowerenga mafayilo a Access, ilipo ya 32-bit yokha. Wolemba pulogalamuyo ayenera kuimanganso ngati x86, kapena kusinthira ku ACE, yomwe idalowa m'malo mwa Jet.

Mauthenga a MSVCR100.dll, MSVCR120.dll kapena VCRUNTIME140.dll akusowa ndi a Visual C++ Redistributable, ya 2010, ya 2013, ndi ya 2015 mpaka 2022 motsatana. Ikani ya x86 ngati pulogalamuyo ndi ya 32-bit, osayang'ana kuti Windows ndi ya 64-bit. Kuika zonse ziwiri sikuononga kanthu. Chomwe chimaononga ndi kukopera DLL imodzi pamasamba ogawa ma DLL n'kuiponya mu foda. Mukatenga ya mtundu wolakwika mumapeza error 0xc000007b, ndipo mwina mwatengeranso kachilombo. Mapulogalamu ofuna .NET Framework 2.0 kapena 3.5 mumawatsegulira pa "Turn Windows features on or off". Popanda intaneti, fulashi yoikira ija ili ndi foda ya sources\sxs, ndipo lamulo la DISM /Online /Enable-Feature /FeatureName:NetFx3 /All /LimitAccess /Source:D:\sources\sxs limamaliza ntchitoyo, bola fulashiyo ikhale ya mtundu womwewo wa Windows, apo ayi mupeza 0x800F081F.

Compatibility mode, ya pa Properties, anthu amaikhulupirira mopitirira. Kwenikweni imanamiza pulogalamu za nambala ya Windows ndi kusintha makhalidwe ochepa. Imathandiza pulogalamu yoikira yomwe ikukana chifukwa sikuidziwa Windows 11. Siisandutsa 16-bit kukhala 32-bit, ndipo driver siimukhudza. Pa pulogalamu yakale yovuta, chomwe chimagwira ntchito kawirikawiri ndi kuiika kunja kwa Program Files, mwachitsanzo mu C:\Akaunti, komwe itha kulemba momasuka.

Za Office, langizo lathu lingadabwitse ena: ngati ofesi yanu ili ndi ma macro akale, mafayilo a Access, kapena pulogalamu yomwe imatumiza malipoti ku Excel, ikani Office ya 32-bit pa Windows ya 64-bit. N'zololedwa ndipo zimayenda bwino. Microsoft 365 ndi Office 2019 kupita mtsogolo zimaika 64-bit mukapanda kusankha. Zikatero macro yokhala ndi mizere ya Declare imaima ndi uthenga woti "The code in this project must be updated for use on 64-bit systems", ndipo wina ayenera kuonjezera PtrSafe ndi kusintha ma Long ena kukhala LongPtr. Fayilo ya ACCDE yomangidwa pa Access ya 32-bit siitseguka pa ya 64-bit, pokhapokha muli ndi ACCDB yoyambirira. Database ya Access 97 siitseguka pa Access 2013 kapena yatsopano iliyonse, muyambe mwaisintha pa Access yakale musanataye kompyuta ija. Office ya 32-bit ndi ya 64-bit sizikhalira limodzi, muyenera kuchotsa ina yonse musanaike inzake.

Madriver, komwe kulibe womasulira

Driver amagwira ntchito mkati mwenimweni mwa Windows, komwe WOW64 safikako. Ayenera kukhala wa 64-bit, ndiponso wokhala ndi siginecha yomwe Windows imaivomereza. Pano Windows 11 ilibe chisoni, ndipo pano ndi pomwe ndalama zimatuluka.

Mapulinta ali pawiri. Omwe amamva zilankhulo za mapulinta za PCL kapena PostScript, monga ma LaserJet akuluakulu a m'maofesi ndi mafotokope ambiri, savuta ngakhale ali a zaka 20, chifukwa universal driver wa kampani yake amawayendetsa. Mapulinta a riboni osindikiza malisiti ndi ma invoice amamvera driver wa Epson wa LX kapena FX, ngakhalenso Generic / Text Only. Ovuta ndi timapulinta totchipa tomwe tilibe nzeru zakezake, tomwe ntchito yonse yokonza tsamba imachitikira mu driver. Kampani ikapanda kutulutsa wa 64-bit, palibe wina angalowe m'malo mwake. Musanataye mtima, pitani pa Add manually, ndipo pamndandanda wa madriver dinani Windows Update, mudikire mphindi zingapo. Mndandandawo umakula kwambiri.

Ena amaganiza zosiya pulintayo pa kompyuta yakale n'kuigawa pa netiweki. Sizithandiza, chifukwa kompyuta ya Windows 11 imafunabe driver wake wa x64 kuti itumize ntchito. Chotheka ndi kusindikizira ku PDF, kuika fayiloyo mu foda yogawana, n'kukaisindikiza pa kompyuta yakaleyo. Komanso mu 24H2 muli batani la Windows protected print mode. Musaliyatse ngati muli ndi pulinta yakale, limachotsa madriver onse a makampani ena n'kusiya mapulinta amakono okha.

Masikana ali ndi mwayi woposa. VueScan, yomwe ndi yogula, imabwera ndi madriver akeake a masikana akale ambirimbiri, ndipo mutha kuiyesa musanalipire. Yerekezani mtengo wake ndi wa sikana yatsopano.

Waya wosintha USB kukhala serial, womwe umalumikiza masikelo, makina a malisiti ndi zipangizo za m'labu, ndi kachinthu kakang'ono koimitsa ntchito yaikulu. Tambiri totchipa tili ndi chip ya Prolific PL2303 yakale kapena yachinyengo. Mu Device Manager mumaona kachizindikiro kachikasu ndi Code 10, kapena dzina la chipangizo litasanduka uthenga woti PL2303HXA idasiyidwa kuyambira 2012. Anthu amakakamiza driver wakale, Windows Update n'kumuchotsanso sabata yotsatira. Gulani waya wa chip ya FTDI, nkhani ithe. Ma dongle a layisensi a USB, monga a HASP ndi Sentinel, amafuna driver watsopano wochokera kwa opanga, ndipo kawirikawiri alipo. A pa parallel port ndi ovuta, poti waya wa USB wa pulinta suwanyamula.

Driver wa 64-bit wakale athanso kukanidwa ndi Memory integrity, yomwe ili pansi pa Windows Security, Device security, Core isolation, ndipo pa makompyuta ambiri oikidwa mwatsopano imakhala yoyaka kale. Uthenga wake ndi "A driver cannot load on this device". Kuizimitsa kumalowetsa driveryo, koma mwachepetsa chitetezo cha kompyuta yonse chifukwa cha chipangizo chimodzi. Yambani mwafunafuna driver watsopano.

Za DOS ndi 16-bit

Windows ya 32-bit, mpaka Windows 10, inali ndi NTVDM yoyendetsa mapulogalamu a DOS ndi a Windows 3.1. Ya 64-bit ilibe. Mukadina pulogalamu yotere mumangoona "This app can't run on your PC". Mapulogalamu a sitoko ndi a malipiro olembedwa mu Clipper, dBase kapena FoxPro ya DOS ali m'gulu limeneli. Palinso msampha wina: mapulogalamu ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi a 32-bit, koma setup yake ndi ya 16-bit. Pamenepo yesani kuiika pa kompyuta yakale n'kukopera foda yonse.

DOSBox wamba, pulogalamu yoyendetsa za DOS pa Windows yatsopano, adapangira masewera, ndipo si wodalirika pa database yomwe anthu awiri akulembamo nthawi imodzi. Pa ntchito ya muofesi yang'anani vDos kapena DOSBox-X, zomwe zimatha kutumiza zosindikiza za LPT1 ku pulinta ya Windows. Mapulogalamu a Windows 3.1 amayenda ndi otvdm, yomwe ena amaitcha winevdm. Zonsezi ziyeseni pa kope ya deta, musindikize lipoti la mwezi wathunthu, mufananize ndi la pa kompyuta yakale.

Zikakanika, patsala virtual machine, Windows XP kapena 7 ya 32-bit yoyenda mkati mwa Windows 11. XP Mode ya pa Windows 7 idapita. Hyper-V ili pa Pro osati pa Home, ndipo kulowetsa chipangizo cha USB mkati mwake n'kovuta. VirtualBox ndi VMware Workstation zimatha kupereka pulinta kapena sikana ya USB kwa Windows yakaleyo, ndipo driver wa 32-bit amalowa mmenemo bwinobwino. Yatsani VT-x kapena AMD-V mu BIOS, ipatseni XP 1 GB ya RAM, Windows 7 2 GB. Mukaona kachithunzi ka kamba wobiriwira pansi pa zenera la VirtualBox, dziwani kuti ikupikisana ndi Hyper-V kapena Memory integrity, n'chifukwa chake ikukwawa. Windows ya mkatiyo imafuna layisensi yakeyake, ndipo musaipatse intaneti.

Zina zomwe zidachotsedwa sizikhudzana ndi 64-bit, koma mudzakumana nazo tsiku lomwelo. Internet Explorer mulibe. Ma DVR a makamera achitetezo ndi masamba akale ofuna ActiveX mumawatsegula pa IE mode ya Edge, yomwe Microsoft idalonjeza kuisunga mpaka 2029 kapena kupitirira. Tsamba lomwe mwaonjezera pamanja limakhala masiku 30 basi, kenako muonjezerenso. Mafayilo a chithandizo a .hlp satseguka. WordPad idachotsedwa mu 24H2. Fotokope yomwe inkatumiza zosikana ku foda ya pa kompyuta ikasiya, chifukwa chake kawirikawiri ndi SMB1, njira yakale yogawana mafayilo pa netiweki, yomwe siiikidwanso. Mutha kuibwezera, koma ndi khomo lomwe kachilombo ka WannaCry kadalowera mu Meyi 2017. Funani firmware yatsopano ya fotokopeyo, kapena muzisikanira ku imelo kapena pa fulashi.

Ogula laputopu yatsopano asamale ndi kusintha kwina komwe kwayamba. Kuyambira mu Juni 2024 m'masitolo muli malaputopu a Windows 11 a purosesa ya Snapdragon X, yomwe ndi ya Arm, osati Intel kapena AMD. Batire yake imakhalitsa, ndipo Prism, womasulira wa mu Windows ya Arm, imayendetsa mapulogalamu ambiri a x86 ndi x64. Koma lamulo la madriver labwereranso: ayenera kukhala a Arm64, ndipo wa x64 yemwe mudavutika kumupeza salowa. Pulinta yakale, dongle, VPN ya kuntchito ndi antivirus zina zimaima pamenepo. Ngati wachibale ku Johannesburg kapena ku London akukugulirani laputopu ya bizinesi, mupempheni atsegule System type asanalipire. Pakalembedwa "ARM-based processor", onani kaye pepala lanu la zipangizo lija, chilichonse pachokha, ngati chili ndi driver wa Arm64.